PHUNZIRO LA ZAUMOYO: TIGWIRE MOTOSERA MOSAMALA POCHEKA MITENGO

Mau oyamba

 Ulendo uno tikambirana za motosera, makina ochekera mitengo omwe abale athu a tsidya la Malawi amawatcha tchenisoo.

Kale munthu akafuna matabwa ankaitana amuna awiri a sowo. Iwo ankakumba dzenje n'kugoneka chipika pamwamba pake, wina n'kuima pansi, wina pamwamba, ndipo mtengo umodzi unkawatengera masiku angapo. Lero kulira kwa motosera kumamveka m'mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, mpaka ku Milange. Tikuchekera bulugamu ndi paini wa mapaso a nyumba, mitengo ya zigafa za fodya, nkhuni zootchera njerwa, komanso matabwa a mlombwa ndi mbawa opangira zitseko ndi mipando. Ntchito ya sabata yathunthu ikutha tsiku limodzi, ndipo achinyamata ambiri apezerapo ganyu.

Koma makinawa sasiyanitsa mtengo ndi mwendo wa munthu. Bala la motosera silifanana ndi la chikwanje. Tcheni chimang'amba mnofu, chimachotsa nyama ina n'kusiyamo utuchi, dothi ndi oyilo, motero ngakhale kuchipatala balalo limavuta kusoka ndipo limachedwa kupola. Ambiri a ife timakhala kutali ndi chipatala chochita opaleshoni, ndipo nthawi ya dzinja misewu imavuta. Bambo akavulala mwendo mwezi wa Novembala, munda sulimidwa, ndipo chaka chimenecho njala imalowa pakhomo.

Pomaliza phunziroli womvera aliyense athe:
1. Kutchula ngozi zikuluzikulu za motosera ndi zomwe zimayambitsa ngozizo.
2. Kufotokoza kakonzekeredwe, kagwiridwe ndi kagwetsedwe ka mtengo koyenera.
3. Kupereka thandizo loyamba kwa munthu wovulala.

Gawo 1: Tiwadziwe makinawa

Motosera si chinthu chatsopano padziko. Mjeremani wina wotchedwa Andreas Stihl anapanga yoyendera magetsi mu 1926, ndi yoyendera gazolina mu 1929. Zoyambirirazo zinali zolemera kwambiri moti ankazigwira anthu awiri. Za masiku ano n'zopepuka, munthu mmodzi amanyamula, ndipo n'chifukwa chake ena amaziyesa zosaopsa.

Motosera ili ndi injini yaing'ono yomwe imazungulitsa tcheni cha mano akuthwa pa chitsulo chachitali chomwe ambiri amachitcha lamina. Injini ikalira mwamphamvu, tcheni chimathamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi. Liwiro limeneli n'loposa la njinga yamoto pamseu wa fumbi. Munthu asanaganize zochotsa mwendo, mano ambirimbiri amakhala atadutsapo kale.

Opanga makinawa anaikapo zinthu zotetezera, ndipo wocheka aliyense azidziwe:

Buleki ya tcheni. Ichi ndi chotchinga chomwe chili patsogolo pa dzanja lamanzere. Mukachikankhira kutsogolo, tcheni chimaima nthawi yomweyo.

Chotsekera moto. Aka ndi kabatani ka pamwamba pa chogwirira chakumbuyo. Ngati dzanja silinakadinikize, chala sichingathe kuwonjezera moto. Kamateteza kuti nthambi ikakhudza chowonjezera moto, injini isalire yokha.

Chogwira tcheni. Aka ndi kachitsulo ka kunsi kwa makina komwe kamakola tcheni chikaduka kapena chikavuka, kuti chisakwapule dzanja kapena mwendo.

Chozimitsira injini. Chikhale chogwira ntchito, ndipo chala chachikulu chizifikapo mosavuta.

Motosera zambiri za m'midzi mwathu ndi zakale kapena zogula kwa munthu wina, ndipo zina zilibe buleki chifukwa inathyoka, mwini wake n'kungoichotsa. Motosera yopanda buleki ili ngati njinga yopanda buleki pamtsetse wa ku Tsangano. Ikonzedwe kaye isanapite kutchire.

Gawo 2: Ngozi zimabwera bwanji?

Ngozi yoyamba ndi kudumpha kwa lamina. Kunsonga kwa lamina, mbali ya pamwamba, ndiwo malo oopsa kuposa ena onse. Malowa akagunda nthambi, mwala, msomali kapena chipika china, kapenanso akapanikizika m'mtengo, lamina imadumphira m'mwamba ndi kumbuyo, kulunjika kumaso, pakhosi kapena paphewa la wocheka. Zimenezi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira. Ngakhale mwamuna wamphamvu sangaigwire ngati sanakonzeke.

Ngozi yachiwiri ndi kudzicheka mwendo kapena dzanja. Kawirikawiri limavulala ndi dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere, makamaka ntchafu ndi bondo. Izi zimachitika munthu akaterereka, akamayenda tcheni chikuzungulira, kapena akagwira nthambi ndi dzanja limodzi, lina likucheka.

Ngozi yachitatu ndi mtengo weniweniwo. Anthu ambiri amene amafa pa ntchitoyi saphedwa ndi tcheni, koma ndi mtengo wogwera kosayembekezereka, nthambi youma yothothoka kumwamba, kapena chipika chogubuduzika pamtsetse.

Palinso matenda obwera pang'onopang'ono. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Phokoso loposa madesibelo 85 limaononga makutu ngati munthu akhalamo tsiku lonse. Pa madesibelo 100, mphindi 15 zokha n'zokwanira kuyamba kuononga. Motosera imalira pafupifupi madesibelo 110 pafupi ndi khutu la wocheka. Ngati madzulo makutu akulira okha, kapena mau a anthu akumveka ngati ali kutali, dziwani kuti makutu ayamba kuonongeka. Kugontha kotere kulibe mankhwala.

Kunjenjemera kwa makina nako kumaononga mitsempha ya m'manja. Zala zimachita dzanzi, zimayera kukazizira, ndipo patapita zaka munthu amalephera kumanga mabatani a malaya. Vutoli limakula m'malo ozizira monga kuno kumapiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, komanso kwa anthu osuta fodya. Pomaliza pali utsi wa injini, womwe uli ndi mpweya wa poizoni wosanunkha. Musalize motosera m'nyumba, m'chigafa chotseka kapena m'dzenje lakuya. Mutu ukayamba kupweteka kapena mukamva chizungulire, zimitsani n'kupita pamphepo.

Gawo 3: Zovala

Zovala zonse zoyenera ndi izi: chipewa cholimba, magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, magolovesi, jombo zolimba za chitsulo kuphazi, ndi buluku lapadera lokhala ndi ulusi wambiri m'kati womwe umakola tcheni n'kuchiimitsa. Tikudziwa kuti buluku lotere n'lodula ndipo silipezeka m'misika yathu yambiri. Buluku wamba, ngakhale la jinzi, silingaimitse tcheni. Choncho amene alibe buluku lapaderalo asamale kawiri pa kaimidwe kake.

Koma pali zinthu zotchipa zomwe aliyense angakwanitse. Magalasi oteteza maso ndi tinthu totseka m'makutu timagulidwa m'masitolo a zipangizo zomangira, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa gazolina wa tsiku limodzi. Thonje loika m'khutu silitchinga phokoso mokwanira. Chipewa cholimba cha amisiri omanga nyumba chimateteza mutu ku nthambi zogwa. Osacheka mutavala mapatapata, nkhwaira kapena muli pansi. Osavala kabudula. Malaya akhale okwana bwino, osalendewera, ndipo mpango wa m'khosi, unyolo kapena chingwe cha foni zichotsedwe chifukwa zingakodwe m'tcheni.

Gawo 4: Musanalize injini

Dziyang'aneni nokha kaye. Munthu amene wamwa kachasu kapena masese, amene wasuta chamba, amene wachezera kumaliro kapena akumva malungo, tsiku limenelo asagwire motosera. Mankhwala ena a chimfine nawonso amagonetsa. Idyani musanayambe, tengani madzi akumwa okwanira, ndipo muzipumula pafupipafupi. Ngozi zambiri zimachitika thupi litatopa, munthu akamati ndingomaliza kamtengo kamodzika.

Musapite nokha kutchire. Pakhale mnzanu woima patali koma akukuonani. Kunyumba adziwe komwe muli. Tengani foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi, nsalu zoyera zochapa bwino m'jumbo, ndipo mudziwiretu njinga yamoto kapena galimoto yomwe ingakunyamuleni.

Kusakaniza mafuta. Injini ya motosera imafuna gazolina wosakaniza ndi oyilo wa 2T. Makina ambiri amafuna mililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya gazolina, kutanthauza mililita 100 pa malita 5. Ena amafuna mililita 40 pa lita. Tsatani zomwe zalembedwa m'kabuku ka makina anu. Musamangoyerekeza ndi maso. Jakisoni watsopano wopanda singano amayeza bwino. Thirani mafuta injini itazima ndiponso itazizira, kutali ndi moto ndi ndudu. Mafuta akatayikira pukutani, kenaka sunthani mamita atatu kapena kuposa musanalize. Gazolina asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena m'nyumba yogona ana, ndipo musamupope ndi pakamwa.

Oyilo wa tcheni. Ambiri amathira oyilo wakuda wotsala m'galimoto. Oyilo ameneyu ali ndi tizitsulo tomwe timadya lamina, ndipo ali ndi poizoni woononga khungu la wocheka chifukwa amamuthovukira tsiku lonse. Gwiritsani ntchito oyilo woyera.

Kukunga ndi kunola tcheni. Onani tcheni injini ili yozima, mutavala magolovesi. Chisalendewere kunsi kwa lamina, koma chizitheka kukokedwa ndi dzanja. Tcheni chatsopano chimatamuka msanga, choncho chionedwe kawirikawiri. Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizibenthu ta mtengo ndipo chimalowa chokha. Chobuntha chimatulutsa fumbi ngati ufa, ndipo wocheka amayamba kukankha ndi mphamvu, n'kutopa msanga. Nolani ndi tupa, mtundu woburungira wa muyezo wa tcheni chanu, ndipo dzino lililonse lilandire mikwasa yofanana.

Patsogolo pa dzino lililonse pali kachitsulo kobuntha komwe kamaletsa dzino kuluma mozama kwambiri. Pa matcheni ambiri kachitsuloka kamakhala kotsika pang'ono chabe poyerekeza ndi dzino, pafupifupi mamilimita 0.65. Ocheka ena amakapala kwambiri kapena kukachotseratu kuti makina azidya msanga. Mchitidwe umenewu ndi woopsa: makina amanjenjemera kwambiri, tcheni chimakoka mwaukali, ndipo kudumpha kwa lamina kumachuluka.

Kaliziridwe. Ikani motosera pansi, pamalo osalala, tcheni chisakhudze kanthu. Tsekani buleki. Pondani chogwirira chakumbuyo ndi phazi lamanja, gwirani chogwirira chakutsogolo ndi dzanja lamanzere, ndipo kokani chingwe ndi dzanja lamanja. Musalize mouponyera makina pansi muli chiimire, dzanja limodzi lili pachingwe. Ambiri amatero pofuna kuoneka akatswiri, koma lamina imapita kulikonse, nthawi zina pantchafu. Injini ikamalira yokha osaiwonjezera moto, tcheni chisazungulire. Ngati chikuzungulira, makinawo akufunika mmisiri.

Kagwiridwe. Manja onse awiri nthawi zonse. Lamanzere kutsogolo, chala chachikulu chitazungulira kunsi kwa chogwirira; lamanja kumbuyo. Ngakhale amanzere agwire chimodzimodzi, chifukwa makinawa anapangidwa choncho. Tangazani miyendo, imani chakumanzere pang'ono, kuti lamina ikadumpha idutse pambali pa phewa osati pankhope. Musacheke pamwamba pa msinkhu wa mapewa anu, musacheke muli pamakwerero kapena mutakwera mumtengo. Posuntha kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina tsekani buleki. Poyenda mtunda zimitsani injini, lamina iloze kumbuyo, ndipo mbali yotulukira utsi ikhale kutali ndi thupi chifukwa imaotcha.

Gawo 5: Kugwetsa mtengo

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanayambe, zungulirani mtengowo n'kudzifunsa mafunso awa. Wapendekekera kuti? Nthambi zolemera zili mbali iti? Kodi pali nthambi zouma kumwamba? Kodi ndi wamphako kapena wadyedwa ndi chiswe? Wakolana ndi mtengo wina kapena zilambe? Muli njuchi kapena mavu? Mphepo ikuchokera kuti? Ngati mphepo ikuomba mwamphamvu, kukugwa mvula kapena kwayamba mdima, ntchitoyo idikire mawa. Ngati pafupi pali mawaya a magetsi, musagwetse. Dziwitsani a EDM.

Anthu onse, ziweto ndi njinga zikhale kutali, mtunda wa kutalika kwa mtengowo kawiri. Mtengo wa mamita 20 ukufuna kuti anthu aime pa mamita 40. Ngati pali njira yodutsa anthu, muimikepo munthu woletsa odutsa, chifukwa inu simungamve kuitana injini ikulira.

Lambulani patsinde, chotsani tchire ndi miyala. Konzani njira ziwiri zothawira. Njirazi zipite chakumbuyo cham'mbali, ina kumanja ina kumanzere, osati kumbuyo kwenikweni, chifukwa tsinde limatha kubwerera m'mbuyo mtengo ukamagwa.

Kudula kwake kuli patatu:

1. Kamwa. Ku mbali yomwe mukufuna kuti mtengo ugwere, dulani kuchokera pamwamba motsetsereka, kenaka dulani mopingasa kunsi kwake mpaka micheko iwiriyo ikumane ndendende, chibenthu n'kugwa. Kuya kwa kamwali kukhale gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwa tsinde.

2. Mcheko wakumbuyo. Pitani kuseri, chenjezani anthu mofuula, n'kucheka mopingasa, pamwamba pang'ono pa mcheko wa kunsi wa kamwa lija, ngati zala ziwiri.

3. Chogwirizira. Musadule mpaka kukafika pakamwa paja. Siyani kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa tsinde. Kachigawoka kamagwira ntchito ngati mahinjesi a chitseko: ndiko kamaongolera mtengo kuti ugwere komwe mwasankha. Mukakadula, mtengo umagwera kulikonse.

Mwachitsanzo, pa bulugamu wonenepa masentimita 40, kamwa likhale lakuya masentimita 8 mpaka 10, ndipo chogwirizira chikhale cha masentimita 4. Khomani chikhomo cha mtengo chosemedwa ngati nkhwangwa mumcheko wakumbuyo kuti mtengo usakhalire lamina. Chikhomo chachitsulo chimathyola mano a tcheni. Mtengo ukangoyamba kupendekeka, tulutsani lamina, tsekani buleki, yendani m'njira yothawira maso ali kumwamba. Ngati makina akanirira, asiyeni. Makina amagulidwa ena.

Samalani ndi mtengo wopendekeka kwambiri. Mtengo wotere umatha kung'ambika chotalika pakati musanamalize, ndipo chibenthu chake chimamenyera m'mwamba pomwe pali mutu wa wocheka. Wophunzira kumene asaugwetse popanda katswiri. Safunsa anadya phula.

Mtengo ukagwa n'kukolekera pa unzake, musadutse kunsi kwake, musakwere, musadule mtengo womwe waugwirawo, ndipo musagwetsere wina pamwamba pake. Ukokeni patsinde ndi chingwe chachitali, ng'ombe kapena thirakitala, anthu ali kutali. Ngati zakanika tsiku limenelo, dziwitsani amfumu ndi oyandikana nawo, kuti ana ndi amayi otola nkhuni asapiteko.

Gawo 6: Kusadza, kudula zipika ndi kucheka matabwa

Posadza nthambi yambirani kutsinde kupita kunsonga, ndipo thunthu likhale pakati pa miyendo yanu ndi lamina ngati n'kotheka. Nthawi zonse dziwani pomwe pali nsonga ya lamina. Pamtsetse imani chakumtunda kwa chipika. Kamtengo kapena nthambi yopindika chifukwa chopsinjidwa ili ngati msampha wotchera kale. Mukaidula mwachisawawa imakwapula.

Chipika chomwe chagona pa zinthu mbali zonse ziwiri, pakati pali m'malere, chimapana lamina mukachidula kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dulani pamwamba gawo limodzi mwa atatu, n'kumalizira kuchokera kunsi. Chipika cholendewera mbali imodzi, yambani kunsi gawo limodzi mwa atatu, n'kumalizira pamwamba. Lamina ikapanika zimitsani injini, tsegulani mchekowo ndi chikhomo kapena mtengo wotukulira. Osasolola ndi mphamvu injini ikulira. Munthu wina asagwire nkhuni ndi manja kapena kuiponda pamene inu mukudula.

Mitengo yogwa ndi mphepo ndiyo yoopsa kwambiri. Tonse tikukumbukira namondwe Ana wa mu Januwale 2022 ndi Freddy wa mu Malichi 2023, omwe anagwetsa mitengo yambiri m'madera a dziko lathu ndi ku Malawi. Mitengo yotere imakhala yopindika, yosanjikizana, ndipo imamasuka mwadzidzidzi ikadulidwa. Mtengo wozuka ndi mizu ukadulidwa patsinde, chitsa ndi dothi lake zimatha kubwerera m'dzenje n'kupsinja aliyense amene alimo. Onetsetsani kuti m'dzenjemo mulibe mwana musanadule.

Pocheka matabwa ndi manja ngozi ya kudumpha imakula, chifukwa ocheka amagwiritsa ntchito nsonga ya lamina, ali chowerama, kwa maola ambiri. Tsamizani chipika ndi zikhomo kuti chisagubuduzike. Chotsani makungwa okhala ndi dothi ndi mchenga. Mitengo ya pakhomo ndi ya m'malire a minda, monga mango, nthawi zambiri imakhala ndi misomali kapena waya m'kati. Mapazi asakhale pamzere womwe lamina ikudutsa, ndipo musaime pamwamba pa chipika chomwe mukuchekacho. Chimango chachitsulo chomangirira ku lamina, chomwe chimayenda pa thabwa loongoka, chimachepetsa ngozi ndipo chimatulutsa matabwa ofanana omwe amagulidwa pamtengo wabwino.

Gawo 7: Thandizo loyamba

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 m'thupi. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu angathe kumwalira m'mphindi zochepa chabe. Choncho amene ali pafupi ndiye wopulumutsa moyo, osati adokotala amene ali kutali.

1. Zimitsani makina ndipo onani kuti palibe mtengo wina ungagwe.
2. Valani magolovesi kapena majumbo apulasitiki m'manja, kudziteteza ku HIV ndi matenda a chiwindi opatsirana kudzera m'magazi.
3. Gonekani wovulalayo pansi. Ikani nsalu yoyera pabala n'kudinikiza mwamphamvu, osasiya. Ngati bala n'lakuya, pakirani nsalu m'kati mwake n'kudinikiza. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina.
4. Ngati magazi akutumphuka pa mkono kapena mwendo ndipo sakusiya, mangani pamwamba pa bala, chakumtunda, masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabalapo, osati pabondo kapena pachigongono. Pindani chitenje kuti chikhale chotambalala ngati zala zitatu, mangani mfundo, lowetsani kamtengo kolimba n'kupotokola mpaka magazi asiye, ndipo kamtengoko kamangirireni. Zimapweteka kwambiri koma musamasule panjira. Lembani nthawi yomwe mwamanga n'kukauza a chipatala. Osamanga ndi waya, luzi kapena chingwe chopyapyala.
5. Mufunditseni kuti asazizidwe. Musamupatse chakudya, madzi kapena mowa, chifukwa mwina akafunika opaleshoni.
6. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kwambiri. Tengani khadi lake la kuchipatala ndi chiphaso.

Pabala musathirepo dothi, ndowe, phulusa, mchere, gazolina, mafuta a buleki kapena masamba otafuna. Zinthu zimenezi siziletsa magazi a mumtsempha waukulu, koma zimalowetsa tizirombo. Tizirombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Matendawa amaonekera pakati pa masiku 3 ndi 21 munthu atavulala: nsagwada zimauma, khosi ndi msana zimakungika, ndipo ambiri amamwalira. Choncho ngakhale bala likhale laling'ono, litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo tsiku lomwelo pitani kuchipatala mukafunse za katemera wa kafumbata. Ndi bwino wocheka aliyense afunse za katemerayu asanavulale.

Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, chiikeni m'jumbo n'kumanga, jumbolo n'kuliika m'madzi ozizira, n'kupita nacho limodzi ndi wovulalayo. Munthu amene wagweredwa ndi mtengo, ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, musamukhazike, musamunyamule popinda thupi. Anthu anayi amugoneke pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke. Amene wamenyedwa m'mutu n'kukomoka, kusanza kapena kusokonezeka, apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Utuchi ukalowa m'diso musatikite. Tsukani ndi madzi oyera ambiri. Pamene papsa ndi moto thirani madzi ozizira kwa mphindi 20.

Gawo 8: Udindo wa tonse

Inu eni makina, wocheka wanu ndi mwana wa munthu. Mupatseni makina okhala ndi buleki, tcheni chabwino ndi zodzitetezera. Malipiro owerengera matabwa okha amamuthamangitsa munthu mpaka aiwale kupumula, choncho gwirizanani maola oyambira ndi owerukira. Malamulo a ntchito a dziko lathu salola mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoopsa, ndipo iyi ndi imodzi mwa ntchito zotero. Wophunzira ayambe ndi kudula zipika zapansi katswiri ali pambali, kugwetsa mitengo kubwere pambuyo.

Inu amayi, ana amakopeka ndi kulira kwa makina, ndipo ena timawatuma kukatola nthambi ndi utuchi. Adikire mpaka injini itazima ndipo wocheka wawaitana. Kunyumba motosera isungidwe pokhoma, lamina itavekedwa chophimba.

Inu mafumu ndi atsogoleri a m'midzi, kumbutsani anthu kuti kudula mitengo ya m'nkhalango pofuna kugulitsa matabwa kapena makala kumafuna chilolezo cha boma. Lamulo la nkhalango la 1999 linalowedwa m'malo ndi latsopano mu Disembala 2023, choncho funsani ku ofesi ya SDAE ya boma lanu laling'ono musanayambe. Wocheka mozemba amagwira ntchito usiku ndiponso mothamanga, ndipo akavulala anzake amaopa kupita naye kuchipatala msanga. Kumbutsaninso kuti podula mtengo tizibzala ina, makamaka m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje.

Mafunso okambirana m'magulu a omvera

1. Kodi ndi mbali iti ya lamina yomwe imayambitsa kudumpha, nanga tingapewe bwanji?
2. Mtengo wa mamita 15 ukamagwetsedwa, anthu aime patali bwanji?
3. N'chifukwa chiyani sitiyenera kudula chogwirizira chonse?
4. M'mudzi mwathu anthu amathira chiyani pabala? Ndi ziti mwa zimenezi zomwe zili zoopsa?
5. Munthu atavulala lero kutchire la kwathu, angamunyamule ndani, pa chiyani, ndipo apite naye chipatala chiti? Nanga nthawi ya mvula?

Kambiranani mafunsowa pamodzi ndi ocheka a m'mudzi mwanu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Yesererani kumanga chitenje ndi kamtengo pa chipika cha nthochi mpaka aliyense adziwe. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo kapepalaka, ndipo mayankho a gulu lanu muwatumize kuno ku wailesi kuti tidzawawerenge m'pulogalamu ya zaumoyo.